Disiki ya Amayi Yapezeka Pansi pa Matimati

Kepitawuni,
mwezi wa Julayi

Achimwene a Anselmo,

Ndayamba ndi moni chifukwa ndi mmene amayi anatilerera, osati chifukwa mtima wanga uli m'malo. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija limakuvutani nyengo yozizira, chaka chino lakusiyani? Ndikudziwa kuti Julayi wa kwathu sachita masewera, chifunga chikatsika m'phiri la Dedza ngakhale mbuzi zimakana kutuluka m'khola. Alamu a Elena ndi ana akudzuka bwanji ku Chongoni? Ine kuno thupi lili bwino, ndikudya, ndikugwira ntchito. Kukugwa mvula yozizira yosadziwa kukata, ndipo kachipinda kamene ndimachita lendi kakudontha pakona, koma zimenezo n'zazing'ono. Zazikuluzo sizili bwino, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga mwaiyesa mdani. Ndikaimba mumadula. Ndikatumiza mawu mumamvera mpaka kumapeto, ine kuno ndimaona kuti mwamvera, kenako zii. Chabwino. Pepala lilibe batani lodulira. Ndapatsira dalaivala wa basi kuti akasiyire Pilira, ndipo mng'ono wangayo ndamuuza akwere kabaza mpaka ku Chongoni, akupatseni m'manja Lamulungu potuluka m'tchalitchi anthu akuona, kuti mawa musadzati sinafike.

Ndamva kuti mukuuza anthu kuti Veronika anatchona, ntchito yake n'kuyendayenda ndi azungu n'kumaponya mbale m'tchire ngati wozungulira mutu. Ndiye ndati ndikufotokozereni bwinobwino, kuti pondinenapo muzinena zolondola.

Ntchito yanga ndi yophika. Ndimaphikira alendo oona malo pa chilole chachikulu cha mipando ndi mahema, chimene chimanyamuka kuno kudutsa Namibia ndi Botswana mpaka ku mathithi a Victoria, maulendo ena mpaka Lusaka ndi Nairobi. Ndimadzuka alendo akuliza mkonono, ndimagona iwo atagona kale. Ulendo wathawu firiji inafera pakati pa chipululu, nyama yonse n'kuyamba kununkha, ndipo mayi wina wosadya nyama, mazira, mkaka ngakhale uchi anandilalatira ngati ndine ndinalenga Namibia. Mapepala anga ogwirira ntchito nawonso ali pafupi kutha, ndakhala ndikukaima pa mzere mpaka miyendo kutupa. Kuyendayenda kumene mukunenako ndi kumeneku. Malata a nyumba yanga ija mwatsegulayo anachokera m'mapoto amenewa.

Tsono za mbalezo. Masewerawo dzina lake ndi disiki gofu, ndipo anandiphunzitsa ndi a Kingsley, dalaivala wathu wa ku Bulawayo, tsiku lina chilole chitafa tikudikira makaniko. Disiki ndi kambale ka pulasitiki yolimba, kukula kwake ngati chivundikiro cha poto wa ndiwo. Patali amaimika dengu lachitsulo, pamwamba pake pakulendewera matcheni. Umaponya, pamene yagwera umapita n'kuponyanso, mpaka ilowe m'dengumo. Wolowetsa ndi maponyedwe ochepa ndiye wapambana. Basi. Palibe mowa, palibe juga, palibe zija alamu a Elena akunong'oneza amayi a mu Mphakati kuti ndimachita. Pali mitengo yotchinga njira, mphepo yokhotetsa disiki, ndi ine mkazi wamkulumkulu amene tsiku limodzi pa sabata amafuna kuima pamalo popanda munthu womufunsa kuti tiyi ali kuti.

Tauni iliyonse tikafika, alendo akapita kukaona mikango yawo, ine ndimafunsa pa foni kumene kalabu ya kumeneko imasewerera, n'kunyamula kachikwama kanga. Ku Harare madengu anawotcherera okha ndi malimu a galimoto ndi matcheni a njinga, ndipo amawanyadira ngati ana obereka okha. Ku Lusaka amasewera pa famu, ng'ombe zili pomwepo, disiki ikagwera pa ndowe umaponyera pomwepo anzako akufa nalo phwete. Ku Windhoek minga inanding'ambira siketi, mayi wina woti sindinkamudziwa n'komwe anandibwereka buluku lake. Ku Nairobi sangakulole kuchoka usanamwe tiyi wa mkaka wotsekemera mpaka mano kuwawa. Ena mwa anthuwa ndi madokotala, ena ndi ogulitsa matayala, ena ndi malova enieni, koma pa udzu paja aliyense amadikira nthawi yake yoponya.

Musaganize kuti ndikuti onse ndi angelo. Ayi ndithu. Ku Joni, tsiku langa loyamba pa kalabu ya kumeneko, bambo wina wamimba, dzina lake Keith, anangondiona n'kundipatsira chikwama chake kuti ndimunyamulire, osandifunsa ndi dzina lomwe. Ndinachiika pansi pa udzu wonyowa n'kumuuza kuti manja ake sindikuona pamene athyoka. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi iyeyo sitipatsana moni. Anyamata ena pa paki yomweyo ananditchula dzina lija amatitchula ife obwera, n'kundiuza ndizikaponya kwathu. Zonsezo ndinameza, poti ndi anthu oti sitinayamwe bere limodzi, ndipo Loweruka lotsatira ndinapitanso.

Koma anthu amenewa, abwino ndi oipa omwe, ali ndi malamulo awiri osalembedwa paliponse, ndipo ndikufuna muwamvetse chifukwa nkhani yathu yagona pamenepo. Disiki iliyonse mwiniwake amalemba dzina ndi nambala ya foni kunsi kwake. Ukaitola m'tchire, m'madzi, kaya padenga, si yako. Umaimba foni. Ikongole bwanji, mwiniwake akhale mdani wako bwanji, umaimba. Limenelo ndi loyamba. Lachiwiri ndi lakuti munthu akalowetsa m'dengu ndi kuponya kumodzi kokha, chinthu choti ena amakalamba osachiona, onse amene analipo amasaina pa disikiyo, ndipo siponyedwanso. Imapachikidwa pakhoma.

Lachiwirili mukulidziwa kale, achimwene, chifukwa munalipo.

Khirisimasi yomaliza amayi ali moyo ndinabwera ndi dengu lopinda ndi chikwama cha madisiki. Ndinaliimika kuseri kwa nyumba yanga pa Bembeke, pakati pa mitengo ya paini ija anadzala malemu abambo. Inu munabwera panjinga, munakhala pa mpando wa ndalema n'kumapukusa mutu, mukuti ana a anzathu akubwera ndi feteleza, wathu wabwera ndi mbale zosadyera. Amayi anali pansi pa mtengo wa mapichesi akusenda kachewere. Anationerera ine ndi Pilira tikumenya mitengo, kenako anati tikuponya ngati anthu ogona ndi njala, anapukuta manja pa chitenje n'kuti tiwapatse yoyera ija.

Sanafunse kagwiridwe. Anangoigwira mmene ankagwirira lichero, n'kuiponya cham'mbali akuseka. Inadutsa pakati pa mitengo iwiri yoyandikana ija, pamene ine ndinali nditalephera m'mawa wonse, inakhota pang'ono, matcheni n'kuti tchererere! Pilira anaimba nthungululu. Ine ndinadzigwetsa pansi. Amayi anakwinya chitenje n'kuvina mozungulira dengu, mpeni wosendera udakali m'manja. Ngakhale inu munaimirira. Musakane, munaimirira, mpaka chipewa chinagwa.

Nditawauza za mwambo wosaina, amayi anati ayambe ndi iwo. Mukudziwa kuti kulemba anaphunzira atakula, ku sukulu ya kwacha, ndipo kale lonselo ankangodinda chala. Anakhala pa mphasa, disiki pa ntchafu, lilime panja, n'kulemba Magadalena pakati penipeni, zilembo zikuluzikulu zopendama. Anatenga nthawi yoti madzi a tiyi akanawira. Pilira anasaina pambali. Inu munayamba mwakana, mukuti munthu wa m'komiti ya tchalitchi sangalembe dzina pa chidole. Amayi atakuyang'anani ndi diso lawo lija, munalanda cholembera n'kulemba mobisa mkati mwa mkombero, moti munthu sangaone pokhapokha atapendeketsa. Dzina langa ndi nambala zinalipo kale, ndinazidinda ndi waya wamoto chifukwa inali disiki yanga yapamtima. Amayi analamula kuti ipachikidwe m'nyumba mwanga, pa msomali wa pamwamba pa bedi, kuti ndikamabwera ndizikumbuka amene amatha kuponya pamudzi pano.

Chithunzi cha tsiku limenelo ndilibe, foni inali itatha moto. Kalata ya amayi ndilibe ngakhale imodzi. Dzanja lawo linali pa disiki imeneyo basi.

Za maliro ndikudziwa mudakali nazo kukhosi. Ndinena kamodzi, sindidzabwerezanso. Amayi anatisiya ine ndili m'chipululu mopanda netiweki. Uthenga unandipeza mochedwa, ndinasiya mapoto pamoto, ndinakwera chilichonse choyenda, ndinafika atakwirira kale. Kwa inu sindipepesa, chifukwa sindinakulakwireni. Amene ndinafunika kulankhula nawo ndinakalankhula nawo kumanda ndili chogwada. Ponyamuka ndinakhoma nyumba yanga n'kukupatsani makiyi m'manja, inu mwinimbumba wathu, Pilira akuona. Munati ndipite osadera nkhawa.

Mwezi wa Meyi ndili ku Botswana ndikukazinga anyezi, foni inalira, nambala ya ku Zambia. Anali a Bonifasi, bambo wa ku Chipata amene ndinasewerapo nawo pa kalabu ya ku Lusaka. Anandifunsa ngati ndataya disiki yoyera. Ndinati ayi, zanga zonse zili m'chikwama. Iwo anati ndiye n'zodabwitsa, chifukwa aima pamphambano ya ku Bembeke, paulendo wawo wa ku Blantyre, ndipo m'manja mwawo muli disiki ya dzina langa.

Akuti anaima kuti agule kachewere. Pafupi panali mayi wogulitsa matimati, milu yake ataiunjika pa timbale, ndipo mulu umodzi unali pa chinthu choti diso la woponya silingachiphonye. Anapempha kuti aone, anachotsa matimati, anatembenuza. Atafunsa kumene anaitenga, mayiyo anayankha mosabisa, poti analibe mlandu. Anati kumtundako bambo wina ankakonza m'nyumba ya mlongo wake amene anatchona ku Joni, zaphindu anatenga, zachabechabe anaunjika panja kuti wofuna atole. Anawonjeza kuti kambaleko n'kolimba, amakakwecha ndi mchenga ndi phulusa tsiku lililonse koma sikasweka.

Achimwene, anyezi anapserera. A Kingsley ndi amene anabwera kudzazimitsa moto. Zachabechabe! Mawu amenewo akundilirabe m'khutu mpaka lero.

Tsiku lomwelo ndinakuimbirani, ndipo ndi tsiku lokhalo munayankha, mwina simunaone nambala. Mukukumbuka zimene munanena? Munandifunsa ngati ndawononga mayunitsi anga chifukwa cha mbale. Munati nyumba yosagonamo munthu imangoweta makoswe ndi chiswe, ndiye mwandithandiza. Munati munthu wofuna zinthu zake amakhala pafupi nazo. Nditatchula dzina la amayi, munati muli kudimba, n'kudula. Ha! Ndiye kuthandiza kwake kumeneko, eti?

A Bonifasi analowa m'golosale, anagula mbale yatsopano n'kusinthana ndi mayi uja. Ine sindinawapemphe. Anapita nayo ku Lusaka, anapatsira mtsikana wa kalabu yawo wopita ku mpikisano ku Harare, a ku Harare anapatsira wina wopita ku Joni. Ndipo mukudziwa amene anafika nayo kuno? Keith. Yemwe uja wa chikwama. Anabwera ku Kepi kudzaona mwana wake, anandifunafuna pa kalabu ya kuno Loweruka m'mawa, anandipatsa ataikulunga m'thaulo. Sanamwetulire, moni sanandipatse. Anangoti ili ndi dzina langa, n'kutembenuka. Munthu woti amandiona ngati wantchito wake anadutsa nayo dziko lonse lino. Inu a bere limodzi munalephera kungoisiya pa msomali.

Anthu a pa kalabu anandizungulira kufuna kuona disiki yoyenda maiko anayi. Nditawafotokozera ya ndani, gogo wina wachikaladi amene timaponya naye anandigwira paphewa n'kunena kuti onse asaine pamenepo kuti isaoneke yamaliseche. Ndinakana. Iwo panalibe tsiku lija, sanamve matcheni akulira, sanaone amayi akuvina. Tsiku limenelo ndinasewera ngati wakhungu, disiki iliyonse kumtengo, ina m'dziwe, ndipo palibe anandiseka.

Nditamupanikiza Pilira pa foni, analira kaye, kenako anaulula zonse, ndipo musamukalipire, mwamuopseza mokwanira. Akuti munatsegula nyumba yanga mvula itangosiya. Bedi langa lili ku Chongoni. Dengu lija alamu a Elena akuyanikapo ziwiya, matcheni ake munamasula, ena mwamangira mbuzi, ena ali pa ngolo. Madisiki amene ndinasiya m'nyumbamo, ena ana apangira mawilo a galimoto zawaya, ena mukumwera nkhuku. M'chipinda changa mwadzaza mbewu ya kachewere, ndipo pabalaza pakugona a Dominiko, mlongo wawo wa alamu a Elena, amene ayamba kale kuyeza mitengo ya abambo ndi maso n'kumacheza ndi ocheka matabwa. Akutinso mwakonza zoti pa mwambo wa chiliza cha amayi mu Okutobala, abale onse atasonkhana, mudzalengeze kuti nyumbayo ndi malo ake mwapereka kwa a Dominikowo, poti mwiniwake sadzabweranso.

Koma inu achimwene, manyazi anakutherani liti?

Tiyeni tikumbutsane, poti zikuoneka kuti ku Chongoni kwakuiwalitsani. Malo amenewo ndi a amayi, amayi anawalandira kwa amayi awo, ndipo kwathu malo amatsata ana aakazi. Ndi anga ndi Pilira, mawa ndi a ana a Pilira. Inu munakwatira n'kupita chikamwini, munda wanu uli kwa akazi anu. Tinakupatsani ulemu wa mwinimbumba kuti muzitiyang'anira, mlandu ukabwera muzitiimira, wina akafuna kutilanda muzimuthamangitsa. Tsono wotilandayo mwabwera naye ndinu, mwamutsegulira chitseko ndi makiyi anga, mwamuyalira ndi mphasa yomwe. Kodi a Dominiko kwawo kulibe dothi? Kapena kumeneko akupanikizani, ndiye mwaona kuti chapafupi n'kugula ulemu ndi nyumba ya mlongo wanu? Ngati zili choncho nenani, tidziwe kuti mwinimbumba tilibe, tili ndi mkamwini wa eni ake basi.

Ndipo mawu akuti mtchonawo mundichotsere. Mtchona ndi munthu woti kwawo sadziwa ngati ali moyo. Ine Pilira amamva mawu anga sabata iliyonse. Mankhwala a amayi ankachokera kuno, simenti ya chiliza chimene mukufuna kukaimapo n'kundifufuta yachokera kuno. Sindikuwerengera, ndikungokana bodza. Chimene chimakuwawani si kuchoka kwanga. Amuna angati a pa Bembeke ali ku Joni, nyumba zawo zili chikhomere, palibe amazigwira? Chimakuwawani n'choti ndine mkazi wopanda mwamuna, ndimayenda maiko, ndipo ndikapuma ndimasewera m'malo mokhala pakhonde n'kumadandaula. Munthu wotero inu mwaona kuti safunika pogona.

Ndakwiya, achimwene. Chibadwire sindinakwiyepo chonchi. Ndipo kunsi kwa mkwiyowo kuli mantha, ndinene poyera. Ntchito ino ndi ya msana, ndipo msana wanga wayamba kulankhula. Tsiku lina mapepala adzakanidwa, kapena miyendo idzakana kukwera chilole. Tsiku limenelo ndidzalowera kuti? Pa makalabu onsewa amandilandira bwino, amandipatsa tiyi ndi mpando, koma dzuwa likapendeka aliyense amalowa m'galimoto yake kupita kwawo. Ine kwathu ndi zipinda ziwiri zija za pafupi ndi mitengo ya paini. Kwina ndilibe.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo sindikugwada polipempha. Okutobala asanafike, a Dominiko atuluke ndi mbewu yawo, makiyi muwapereke kwa Pilira. Bedi khalani nalo ngati msana wa alamu walikonda. Matcheni asiyeni pa mbuzi, dengu ndidzawotcheretsa lina, a ku Harare anandionetsa kapangidwe kake. Koma mitengo ya abambo isagwe ngakhale umodzi.

Tchuthi ndapempha kale ndipo andilola. Ndikubwera ku chiliza, ndipo ndikatsika basi ndikulunjika m'nyumba mwanga. Ndikakapezamo munthu, ndidzagona pakhonde pomwepo, abale ochokera ku Ntcheu ndi ku Lilongwe adzandipeze pamenepo m'mawa ndili m'bulangete, inu mudzawafotokozere. Ndipo kumanda mukadzangotsegula pakamwa za nyumba, ine ndidzaimirira disiki ili m'manja n'kufotokoza kumene inapezeka. Mukundidziwa, mawu anga safuna chimkuzamawu.

A Bonifasi ndi anzawo a ku Lusaka akuti akufuna adzaone malo amene mayi wokalamba wa ku Dedza analowetsa ndi kuponya kumodzi, poti nkhaniyi yamveka m'makalabu onse amene disiki inadutsamo. Ndawauza abwere za chiliza zikatha. Sindinawauze kuti mwina ndidzawalandirira pansi pa mtengo wa mapichesi.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ndikubwera nawo. Moni kwa amayi aang'ono ndi a m'nyumba mwawo onse. Moni kwa ana anu, iwo alibe mlandu, ndipo amene apangira mawilo madisiki anga musawalande, bola iwo akusewera. Moni kwa alamu a Elena, muwauze dengulo azilipukuta lingachite dzimbiri. A Dominiko moni ndidzawapatsa ndekha akadzakhala kwawo.

Disiki ili pano patebulo pamene ndikulembera. Ndaiyang'ana mbali zonse, ndaipendeketsa pawindo. Mchenga ndi phulusa zinagwira ntchito yake. Dzina la Pilira linapita. Pakati paja amayi analemba lilime lili panja pangotsala poyera pokalikakalika. Ndikayang'anitsitsa ndimadzinamiza kuti ndikuona mwendo wa chilembo chimodzi, koma palibe chilipo. Mwa onse amene anasaina tsiku lija latsala dzina limodzi lokha, lija linabisidwa mkati mwa mkombero momwe mchenga sunafike. Anselmo. Lili bwinobwino ngati mwalemba dzulo.

A Kingsley andipatsa kabotolo ka sipiriti, akuti kadontho kamodzi pa kansalu kamachotsa inki yotere osasiya chipsera. Kabotoloko kali pambali pa disiki, sindinakatsegule. Pilira akadzandiimbira kuti makiyi ali m'manja mwake, ndidzakabweza kwa eni ake, disiki idzabwerera pa msomali wake ndi dzina lanu lomwe. Akapanda kuimba, ndidzabwera nayo yoyera mbee, ndipo musadzandifunse kuti ndili ndi alongo angati.

Ndine mlongo wanu, mpaka Okutobala,

Veronika Gerevazio